BANJA LA MFUMU AGAMEMNON: AKULU ADAPALAMULA, ANA ADALIPIRA

Agriki akale adali ndi nthano zambiri za mafumu awo, koma mfumu imene dzina lake lidamveka kuposa onse ndi Agamemnon wa ku Mycenae. Iyeyu ndiye adatsogolera ankhondo a mizinda ya Agriki pokathira nkhondo mzinda wa Troy. Mlakatuli Homer, m'gawo lachiwiri la buku lake lotchedwa Iliad, adatchula zombo zonse zimene zidapita ku nkhondoko, ndipo tikaziphatikiza zikukwana 1,186. Mwa zimenezi, zombo 100 zidali za Agamemnon yekha. Padalibe mfumu ina imene idafikapo pamenepa.

Anyamata ambiri tikamva za Troy timathamangira nkhani ya kavalo wamatabwa ndi ya ngwazi ija Achilles. Ine chimene chandigwira mtima chiyambire kubwereka mabuku a nthanozi ku laibulale ndi banja limene mfumuyi idabadwiramo. Ndidalemba maina onse motsatana pa tsamba lapakati la kope langa, kuchokera kwa kholo loyamba mpaka kwa mwana wa Agamemnon, ndipo ndidapeza mibadwo isanu. Pa mbadwo uliwonse pali mwana amene adaphedwa, kapena amene adatumidwa kukapha, pa mkangano umene iye sadauyambe.

Agriki ankati banjali lidali ndi temberero. Ine ndili ndi zaka 16, ndipo kapena n'chifukwa chake maso anga amagwera pa anawo ndikamawerenga. Funso langa ndi ili: kodi chimene chinkapha ana amenewa ndi temberero, kapena ndi makolo awo omwe? Tiyeni tiutsate mzerewu mbadwo ndi mbadwo, inu owerenga muweruze nokha.

TANTALUS, KHOLO LOYAMBA

Tantalus adali mfumu ya dera la phiri la Sipylus, limene lero lili kumadzulo kwa dziko la Turkey, pafupi ndi mzinda wa Manisa. Nthano imati bambo wake adali Zeus, mkulu wa milungu ya Agriki, motero ankaloledwa kudya pamodzi ndi milunguyo. Ulemu umenewu udamuledzeretsa. Tsiku lina adafuna kuyesa ngati milunguyo imadziwadi zonse. Adapha mwana wake Pelops, namuduladula, namuphika, n'kupereka kwa alendo akewo ngati ndiwo. Milungu yonse idazindikira ndipo sidaikhudze mbaleyo, kupatula Demeter, amene maganizo ake adali kwina kaamba kolira mwana wake Persephone yemwe adasowa. Iyeyu adadyako phewa. Milunguyo idamuukitsa mnyamatayo n'kumuika phewa la mnyanga wa njovu.

Agriki ena omwe nkhaniyi inkawanyansa. M'chaka cha 476 Khristu asanabadwe, mlakatuli Pindar adakana kuti milungu ingadye munthu, ndipo adati bodzali adalipeka ndi anansi ansanje. Komabe nthanoyo sidafe.

Chilango cha Tantalus tikuchipeza m'gawo la 11 la buku lina la Homer lotchedwa Odyssey. Kudziko la akufa iye waimirira m'dziwe, madzi akumulekeza m'chibwano, zipatso zikulendewera pamutu pake. Akawerama kuti amwe, madzi amaphwa. Akatambasula dzanja, mphepo imakankhira nthambi kumwamba. Dzina lake lidafika mpaka m'mabuku athu a Sayansi. M'chaka cha 1802, Anders Ekeberg wa ku Sweden adatulukira mtundu wina wa chitsulo nautcha tantalum, poona kuti ngakhale auviike mu asidi sunkayamwa kanthu. Chitsulo chimenechi chimapezeka m'mafoni a m'manja.

Tantalus adalinso ndi mwana wamkazi, Niobe. Malinga ndi Homer, iyeyu adabereka ana 12, aamuna asanu ndi mmodzi, aakazi chimodzimodzi. Adayamba kudzitama kuti adaposa mulungu wamkazi Leto amene adali ndi ana awiri okha, Apollo ndi Artemis. Awiriwo adatenga mauta n'kulasa ana onse a Niobe. Mayiyo adalira mpaka adasanduka mwala, ndipo pa phiri la Sipylus pali thanthwe limene alendo amaonetsedwa kuti ndi iyeyo. Akuluakulu amati choipa chitsata mwini, koma apa wodzitama adali mayi, olasidwa adali ana.

PELOPS NDI MPIKISANO WA MAGALETA

Pelops atakula adaoloka nyanja napita ku Greece, ku mzinda wa Pisa, kukafunsira Hippodamia, mwana wa mfumu Oenomaus. Mfumuyi sinkafuna mkamwini. Aliyense wofunsira mwana wake ankayenera kupikisana nayo pothamangitsa galeta lokokedwa ndi akavalo, ndipo ikamupeza panjira inkamubaya ndi mkondo. Pindar akuti anyamata 13 adali atafa kale m'njira imeneyi.

Pelops adanyengerera Myrtilus, woyendetsa galeta la mfumuyo, namulonjeza mphotho yaikulu. Myrtilus adazula zikhomo zogwira magudumu n'kuikamo zaphula. Mpikisano uli mkati phula lidasungunuka, magudumu adaguluka, mfumu idafera pomwepo. Nthawi yolipira itakwana, Pelops adamukankhira Myrtilus m'nyanja. Akugwa choncho, Myrtilus adatemberera Pelops pamodzi ndi zidzukulu zake zonse. Apa ndi pamene Agriki ambiri amati temberero lidalowera m'banjamo.

Kunja Pelops adali munthu wolemekezeka kwambiri. Chigawo chonse chakumwera kwa Greece mpaka lero chimatchedwa Peloponnese, kutanthauza chilumba cha Pelops. Ku Olympia, kumene kunkachitikira masewera a Olimpiki, adamupatulira malo akeake opembedzera, ndipo pa kachisi wa Zeus amene adamalizidwa cha m'ma 456 Khristu asanabadwe adasemapo iye ndi Oenomaus akukonzekera mpikisano uja. Koma kunyumba kwake kudalibe mtendere. Iye ankakonda kwambiri Chrysippus, mwana amene adabereka kwa mkazi wina. Hippodamia adaopa kuti ufumu upita kwa mwana wa mnzakeyo, choncho adauza ana ake awiri, Atreus ndi Thyestes, kuti amuchotse. Anyamatawo adapha m'bale wawo. Bambo wawo adawapirikitsa, nawatembereranso.

Taonani, amene adaphunzitsa Atreus ndi Thyestes kupha sadali Myrtilus wakufa uja. Adali mayi wawo wowabereka. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe sudafike m'nyumba imeneyi.

ATREUS NDI THYESTES

Abale awiriwa adathawira kudera la Mycenae. Mfumu ya kumeneko idali Eurystheus, yemwe uja adapatsa Heracles ntchito 12 zovuta. Wolemba mbiri Thucydides akuti Atreus adali mlongo wa mayi wa Eurystheus, kapena tinene kuti mtsibweni wake, ndipo mfumuyo popita ku nkhondo idamusiyira mudzi kuti ausunge. Eurystheus sadabwereko, motero mpando udatsala wopanda mwini.

Apa ndi pamene abalewa adayambanirana. Atreus adali ndi mwanawankhosa wa ubweya wagolide amene ankamubisa. Mkazi wake Aerope, mdzukulu wa mfumu Minos ya ku Crete, adali pachibwenzi chamseri ndi mlamu wake Thyestes, ndipo adaba nkhosayo n'kumupatsa. Thyestes adauza anthu kuti ufumu ukhale wa amene ali ndi nkhosa yagolide. Atreus adavomera posadziwa kuti yabedwa, ndipo adagonja. Nthano imati Zeus adamuthandiza pobweza dzuwa kuti likalowe kum'mawa, anthu ataona chodabwitsacho adampatsa Atreus ufumu, Thyestes n'kupirikitsidwa.

Nkhani ikadathera pomwepa. Koma Atreus atamva za mkazi wake, adatuma uthenga kwa m'bale wake kuti abwere adzayanjane. Adamukonzera phwando. Thyestes atadya n'kukhuta, Atreus adamuonetsa mitu ndi manja a ana ake. Nyama imene adadyayo idali ya ana ake omwe. Chimene adachita gogo Tantalus, mdzukulu adachibwereza.

Thyestes adapita kukaombeza, ndipo adauzidwa kuti womulipsirira adzakhala mwana amene adzabereke mwa mwana wake wamkazi, Pelopia. Iye adachitadi zamalaulozo usiku, mtsikanayo osadziwa kuti ndi ndani. Mwana amene adabadwa ndiye Aegisthus. Mayi wake adamutaya kutchire, abusa adamutola n'kumuyamwitsa mkaka wa mbuzi. Wolemba wina wachiroma, Hyginus, akuti Atreus adakwatira Pelopia osadziwa kuti ndi mwana wa m'bale wake, ndipo adamulera Aegisthus ngati wakewake. Atakula adamutuma kukapha Thyestes m'ndende. Thyestes adazindikira lupanga limene mnyamatayo adanyamula kuti ndi lake, ndipo zonse zidaululika. Pelopia adadzibaya ndi lupanga lomwelo. Aegisthus adabwerera n'kukapha Atreus amene adamulera.

Mwa anthu onse a m'banjali, Aegisthus ndi amene mabuku amamunyoza kwambiri. Amamutcha wamantha ndi wakuba mkazi wa mwini. Ine ndimamumvera chisoni. Ana ena amabadwa kuti adzalowe dzina kapena adzasunge mudzi. Iyeyu adabadwa kuti adzakhale mpeni. Abambo ake awiri, womubereka ndi womulera, aliyense adamutuma kukapha mnzake.

Chodabwitsa n'chakuti Homer mu Iliad satchulako zonsezi. Iye akungofotokoza za ndodo yachifumu imene adaisula Hephaestus, n'kuipereka kwa Zeus. Zeus adapatsa Hermes, Hermes adapatsa Pelops, Pelops adapatsa Atreus, Atreus pomwalira adasiyira Thyestes, ndipo Thyestes adasiyira Agamemnon. Ukawerenga pamenepo ungayese ndi banja lamtendere. Ndikuganiza kuti mabanja ambiri ali ndi mbiri ziwiri zotere. Ina ndi yokamba pagulu, polonga ufumu kapena pamaliro. Ina ndi yonong'oneza ana usiku, chitseko chitatsekedwa.

AGAMEMNON MWINI WAKE

Agamemnon ndi mng'ono wake Menelaus adali ana a Atreus ndi Aerope, ngakhale alakatuli ena akale amati bambo wawo adali Pleisthenes, mwana wa Atreus, amene adamwalira msanga n'kusiyira agogo anawo. Atreus ataphedwa, anyamatawa adathawa. Tyndareus, mfumu ya ku Sparta, adawathandiza kulanda Mycenae m'manja mwa Thyestes, ndipo adawakwatitsa ana ake awiri. Menelaus adatenga Helen, Agamemnon adatenga Clytemnestra. Wolemba masewero Euripides akuti Clytemnestra adali kale pabanja, ndipo Agamemnon adapha mwamuna wakeyo ndi khanda lake lomwe kuti amutenge. Ukwatiwo udayamba ndi magazi a mwana.

Paris wa ku Troy atathawitsa Helen, zombo zonse zija zidasonkhana pa doko la Aulis, koma mphepo idakana. Mlosi Calchas adati mulungu wamkazi Artemis wakwiya ndi Agamemnon, ndipo sadzalola zombo kunyamuka pokhapokha mfumuyo itapereka nsembe mwana wake Iphigenia. Agamemnon akadatha kubalalitsa ankhondowo aliyense kwawo. Akadataya ulemu, koma mwana akadakhala moyo. M'malo mwake adatumiza uthenga kwa mkazi wake kuti mtsikanayo abwere chifukwa akukwatiwa ndi Achilles. Iphigenia adanyamuka akuyesa akupita ku ukwati wake. Aeschylus, wolemba masewero wina, akuti adamumanga pakamwa kuopa kuti angatemberere banjalo.

Alipo ena amene nkhaniyi idawalemera, nati Artemis adaika mbawala paguwapo n'kumuthawitsira mtsikanayo ku dziko la Tauris, limene lero timati Crimea. Koma ngakhale zikhale choncho, bambo uja mpeni adaukweza ndithu.

Nkhondo idatha zaka khumi. Nthawi yonseyi Clytemnestra adasunga mkwiyo wake, ndipo adalowetsa Aegisthus m'nyumba. Mwa chibale chathu, Aegisthus ndi Agamemnon si asuweni ayi. Abambo awo adali a bere limodzi, motero iwowa ndi pachibale penipeni. Agamemnon atabwerako ku Troy ndi Cassandra, mwana wa mfumu Priam amene adamugwira ukapolo, onse awiri adaphedwa tsiku lomwelo. Mu Odyssey akuti Aegisthus adamuphera paphwando. M'sewero la Aeschylus ndi mkazi wake amene adamukulunga ndi chinsalu akusamba n'kumubaya. Munthu amene adapulumuka mikondo ya adani zaka khumi adafera m'nyumba mwake momwe. Zoonadi nkhonya yobwezera kuwawa.

ORESTES PAMASO PA OWERUZA

Orestes, mwana wamwamuna wa Agamemnon, adali wamng'ono bambo wake akuphedwa. Adaleredwa ku Phocis kwa mfumu Strophius, mwamuna wa azakhali ake, ndipo adakulira limodzi ndi msuweni wake Pylades. Mlongo wake Electra adatsala ku Mycenae akulira bambo wake ndi kudikira tsiku limene mlongo wakeyo adzabwere. Homer akuti Aegisthus adalamulira zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'chaka chachisanu ndi chitatu Orestes adatulukira. Mulungu Apollo adali atamulamula ku Delphi kuti alipsire imfa ya bambo wake. Mnyamatayo adapha Aegisthus, kenaka adapha mayi wake womubereka.

Ganizirani mnyamata amene sadasiyane nafe msinkhu kwenikweni. Akapanda kupha, ndiye kuti wataya bambo wake. Akapha, wapha mayi. Iye sadalipo pa mpikisano wa magaleta, sadaone nkhosa yagolide, sadapite ku Aulis. Koma ngongole yonse ya mibadwo inayi idamugwera iyeyo. Atangomaliza, milungu yaikazi yolipsira yotchedwa Erinyes idayamba kumuthamangitsa usana ndi usiku mpaka adachita ngati wamisala.

Mathero a nkhaniyi adawalemba Aeschylus m'masewero atatu otchedwa Oresteia, amene adaonetsedwa ku Athens m'chaka cha 458 Khristu asanabadwe ndipo adapata mphotho yoyamba. M'sewero lachitatu Orestes akuthawira ku Athens kwa mulungu wamkazi Athena. Iyeyu sadafune kugamula yekha. Adasankha nzika za mumzindamo kuti zikhale bwalo la milandu pa phiri la Areopagus, phiri lomwe lija Paulo Woyera adadzalankhulirapo ndi anthu a ku Athens patapita zaka pafupifupi 500. Bwaloli lidalipodi, ndipo kuyambira cha m'ma 462 Khristu asanabadwe ntchito yake yaikulu idali kuweruza milandu yakupha.

A Erinyes adafunsidwa chifukwa chimene sadamuthamangitsire Clytemnestra pamene adapha mwamuna wake. Iwo adati mkazi ndi mwamuna wake si a magazi amodzi, koma mwana ndi mayi wake ndiwo amodzi. Apollo poikira kumbuyo Orestes adati kholo lenileni ndi bambo yekha, mayi amangosunga mbewu ya mwini wake monga mlendo. Umboni wake udali Athena yemweyo, amene nthano imati adatuluka m'mutu mwa Zeus popanda mayi.

Nditawerenga pamenepa ndidaseka ndekha. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mudzi ndi wa amayi, munda ndi wa amayi, ndipo nkhani ikagwa timathamangira kwa atsibweni. Apollo akadayankhula mawu amenewa pabwalo la kwathu, amayi a m'mudzi akadamukuwiza asadamalize. Sayansi nayonso imatiphunzitsa kuti mwana amatenga theka kwa bambo, theka kwa mayi. Chinanso chimene chimandiwawa n'chakuti pa mlandu wonsewo dzina la Iphigenia silidatchulidwe, chonsecho imfa yake ndiyo idakwiyitsa mayi uja.

Oweruza adaponya timiyala tawo, ndipo mbali zonse ziwiri zidafanana. Athena adagwera mbali ya Orestes, mnyamatayo adamasulidwa. A Erinyes adakalipa naopseza kuti aononga dziko lonse, koma Athena adawanyengerera moleza mtima mpaka adavomera kukhala mumzindamo ngati milungu yolemekezeka yodalitsa anthu.

Sindigwirizana ndi mfundo za Apollo, koma ndikuona chinthu chimodzi chachikulu. Kwa nthawi yoyamba m'mibadwo isanu, mlandu udachoka m'manja mwa eni banja n'kupita kwa anthu apadera amene adalibe wawo wophedwa. Mbali zonse zidayankhula poyera. Ogonja sadathamangitsidwe koma adapatsidwa malo. M'masewero a Aeschylus, kuyambira tsiku limenelo palibenso wa m'nyumba ya Tantalus amene adapha mnzake. Ngati temberero la Myrtilus lidali lamphamvu choncho, lidatha bwanji ndi timiyala ta oweruza?

KODI ANTHU AMENEWA ADALIKODI?

Mzinda wa Mycenae ulipo ndithu. Mabwinja ake ali kumpoto chakum'mawa kwa Peloponnese, ndipo chipata chake chosemedwa mikango iwiri chidamangidwa cha m'ma 1250 Khristu asanabadwe. M'chaka cha 1876, Heinrich Schliemann wa ku Germany adakumba manda achifumu kumeneko napeza zigoba zagolide zophimba nkhope za akufa. Chimodzi mwa izo mpaka lero chimatchedwa chigoba cha Agamemnon, ndipo chikusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Athens. Koma akatswiri adapeza kuti chidapangidwa cha m'ma 1550 mpaka 1500 Khristu asanabadwe, zaka zoposa 300 isanafike nthawi imene Agriki ankati Troy adagwa, m'chaka cha 1184. M'chaka cha 1999 bungwe la UNESCO lidaika Mycenae pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse.

Mafumu olemera adalikodi ku Mycenae, koma mzere wa Tantalus ndi nthano. Agriki ankaionera m'masewero chaka ndi chaka, ngakhale aliyense ankadziwa kale mathero ake. Ndikhulupirira kuti ankaonamo mabanja awo omwe.

NANGA IFE?

Nanenso ndimaonamo lathu. Agogo anga aakazi ndi mng'ono wawo adakangana malire a dimba amayi anga asanabadwe. Palibe adafa, palibe adakhetsa magazi, ndipo sindikuyerekeza agogo anga ndi Atreus. Koma ife tidakula tikuuzidwa kuti kunyumba ijayi osakadyako, madzi akumeneko osamwa. Kunyumbako kuli mnyamata wa msinkhu wanga. Mwa chibale ndi m'bale wanga. Tidaphunzira kalasi imodzi ku pulayimale zaka zisanu ndi zitatu, tikuyenda njira imodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo. Iyenso adauzidwa zomwezo za ife. Dimbalo lidakokoloka ndi madzi kalekale, palibenso amalimapo. Agogo awiriwo mmodzi adatisiya, winayo wakalamba kwambiri. Chimene chatsala ndi mkwiyo wokha, ndipo osunga ake ndife amene dimbalo sitidalionepo likulimidwa.

Ndafunsako anzanga pano pa sukulu, ndipo ambiri ali ndi nkhani yotere. Ena ndi ya ng'ombe za chuma chamasiye, ena ndi ya ufumu, ena ndi ya mawu amene adayankhulidwa pamaliro zaka makumi atatu zapitazo. Mwana akadwala kapena akalephera mayeso, timamva kuti banja lino lili ndi tsoka, kapena kuti a kunyumba ija ndiwo achita. Mawu oti tsoka ndi okoma kwa akuluakulu chifukwa salozera munthu chala. Koma m'nkhani ya Agamemnon, paliponse pamene Agriki adati temberero, ine ndikupezapo munthu wamkulu amene adali ndi njira ziwiri n'kusankha yoipa. Tantalus sadakakamizidwe kuphika mwana. Pelops akadamulipira Myrtilus. Atreus adali atapambana kale pamene adakonza phwando lija. Agamemnon akadabweza zombo. Temberero lidayenda ndi pakamwa, kuchokera kwa kholo kupita m'khutu la mwana.

Tsono inu makolo athu amene muwerenge magazini ino, pempho langa ndi ili. Tikabwera ku tchuthi, tiuzeni maina a makolo athu onse, a kuchikazi ndi a kuchimuna. Tiuzeni kumene adachokera, zabwino zimene adachita, ngakhale zoipa zomwe. Sitikufuna mbiri yokometsera ngati ya ndodo yachifumu ija. Munthu wosadziwa mzere wake ndi wosokera, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Koma mukatiuza mbiri, musatipatsirenso adani. Ngati pali mlandu, paja amati mlandu suola, pitani nawo kwa ankhoswe, kwa atsibweni kapena kubwalo la amfumu pamene odziwa chiyambi chake akadali moyo. Chigamulo mwina sichidzakukomerani, monga momwe cha ku Areopagus sichidakomere onse. Komabe chigamulo choperewera chiposa mkangano wosiyira adzukulu.

Anzanga, nafenso tili ndi mbali yathu. Tsiku lina tidzakhala akuluakulu m'mabanja mwathu ndi m'midzi mwathu, ndipo ana a alongo athu adzatifunsa chifukwa chimene sitipitira kunyumba ija. Yankho limene tidzawapatse ndi limene lidzasankhe ngati nkhaniyo ithera pa ife kapena ipitirira.

Nthano imati Orestes adabwerera n'kukalamulira Mycenae, Argos ndi Sparta, ndipo adamwalira ali nkhalamba ku Arcadia atalumidwa ndi njoka. Electra adakwatiwa ndi msuweni wake Pylades. Orestes adakwatira Hermione, mwana wa Menelaus ndi Helen, ngakhale kwathu kuno ukwati umenewu sukadaloledwa poti abambo awo adali pachibale, amayi awonso pachibale. Mwana wawo adali Tisamenus. Iyeyu adalandidwa ufumu ndi zidzukulu za Heracles, ndipo adafera ku nkhondo. Sadatchuke ngati agogo ake Agamemnon, ndipo mabuku ambiri amangomutchula m'mzere umodzi. Koma bambo wake sadamuphike, sadamupereke nsembe, sadamutume kukapha m'bale wake. M'banja la Tantalus, chimenechi chidatenga mibadwo isanu ndi umodzi kuti chitheke.